Thirakitala yomwe ndinaipha ndi pulawo, ndi nkhalamba ya mu 1975 yomwe ikundilimirabe

Tinalowa m'nyumba yathu ya kunja pang'ono kwa mzinda wa South Bend, ku Indiana, mwezi wa Epulo, sinowo atangosungunuka kumene. Malo ake ndi okwana ekala imodzi ndi theka. Ine nditawaona, m'mutu mwanga munangobwera chimanga, nkhwani, mpiru ndi bonongwe. Za kapinga sindinaganizeko n'komwe. Koma pofika pakati pa Meyi kapingayo anali atadutsa m'kakolo, pamene kwa anzathu oyandikana nawo kunali see, ngati pabwalo la mpira. Kuno udzu ukakula mopitirira muyezo akuluakulu a dera amakulembera kalata, ukanyozera amakulipiritsa. Ndinayesa kamakina kokankha ndi manja komwe mlamu wanga anandibwereka, ndipo Loweruka lonse linathera pomwepo, ine n'kupita kuntchito ya usiku miyendo ili njenjenje.

Sabata yotsatira ndinapita kusitolo yaikulu ya zipangizo za pakhomo. Panja anali atandandalitsa mathirakitala otchetchera udzu, onyezimira, mipando yawofuwofu, pambali pali ndi poika kapu ya zakumwa. Ndinasankha yolembedwa hosipawa 19 pa boneti, yotchetcha mainchi 42 pa ulendo umodzi. Ndinafunsa funso limodzi lokha, la mtengo. Sindinauze wogulitsayo kuti mtima wanga uli pa dimba, ndipo buku la malangizo ndinaliponya m'kabati lili m'pepala lake la pulasitiki.

Chilimwe choyamba inandisangalatsa kwambiri, ndipo pamenepa ndisaname. Kungopotokola kiyi yalira. Magiya palibe, ukaponda chopondera kutsogolo ikupita, ukaponda kumbuyo ikubwerera. Imakhota mozungulira mtengo popanda kusiya udzu, ndipo ntchito ya tsiku lonse ija inasanduka ya ola limodzi ndi mphindi zochepa. Mayi a kunyumba anaiphunzira tsiku limodzi.

Vuto linayamba ndi ine. Ndinaganiza kuti chinthu cha mawilo anayi, chiwongolero ndi dzina loti thirakitala chiyenera kulima. Ndinagula ngolo yaing'ono n'kumatutira manyowa a akavalo kuchokera kwa mlimi wina wapafupi, ngolo yodzaza mpaka kusefukira, njira yake yokwera kamtunda. Kenako ndinapeza kapulawo kakale, ndinakamangirira kumbuyo ndi chitsulo chomwe mnzanga wina wowotcherera anandipangira, n'kuyamba kuswa mphanje pamalo pomwe panali kapinga wa zaka zambiri. Mawilo akamaterereka ndimamangirira njerwa za simenti kumbuyo kuti alume nthaka. Dzinja la kuno litafika ndinaikanso chitsulo kutsogolo chokankhira sinowo. Amene amadziwa South Bend akudziwa sinowo wochokera ku nyanja ya Michigan, wogwa usiku umodzi n'kutseka khomo la garaja.

M'chaka chachitatu inayamba kudwala, ndipo matenda ake anali ozembera. M'mawa ikazizira imayenda bwinobwino. Pakatha mphindi 20 kapena 30, pansi pa mpando pamayamba kumveka kulira kwina kosongoka, liwiro n'kumatsika, ndipo ikafika pakamtunda kaja imangoima, injini ikulira mwamphamvu monga mwa masiku onse, mawilo ali duu. Ukaisiya izizire imadzukanso. Ndinasintha lamba, ndinasintha pulagi, osathandiza.

Makaniko yemwe ndinamupititsira anagwada n'kusuzumira kumbuyo, anaona chitsulo chowotcherera chija, n'kundifunsa kuti ndakhala ndikukoka chiyani. Nditamuuza anapukusa mutu. Anandionetsa bokosi la aluminiyamu lomwe lili pakati pa mawilo akumbuyo, laling'ono loti munthu n'kulinyamula m'manja. Mkati mwake muli pampu ndi kamota zoyendera oyilo, ndipo oyiloyo ndi amene amatembenuza mawilo. Pamwamba pake pali kafani ka pulasitiki kozizilitsa. Bokosilo linapangidwira kunyamula munthu mmodzi pa kapinga, mwina ndi kangolo ka masamba. Ukalikoketsa pulawo oyilo amatentha kwambiri, amapyapyala, tizitsulo ta mkati timadyana, ndiye mphamvu imangothawira m'mipata. N'chifukwa chake imayenda ikazizira, oyilo akadali wokhuthala, n'kufooka ikatentha. Langalo linalibe ngakhale bawuti yokhuthulira oyilo. Mtengo wa latsopano pamodzi ndi ntchito unayandikira theka la ndalama zomwe ndinagulira thirakitala yonse.

Nditafika kunyumba ndinatulutsa buku lija m'kabati. Zinalembedwamo momveka kuti makinawo si okokera zida zolowa m'nthaka. Choncho sindinganene kuti chinali chikomekome cha mkuyu. Makinawo sanandinamize, ankagwira bwino ntchito yomwe anawapangira. Safunsa ndinali ine.

Amene ananditsegula maso ndi agogo ena a kutsidya kwa msewu wathu, mzungu wopuma pa ntchito, amene ndinkawaona m'mawa uliwonse wa sinowo akukankha pakhomo pawo ndi kathirakitala kofiira, kolira pha pha pha ngati chigayo cha dizilo cha kumudzi chikamamveka patali. Anandiitanira m'garaja mwawo. Pa boneti panali chithunzi cha mutu wa kavalo ndi wilo, ndi dzina loti Wheel Horse. Anandiuza kuti mathirakitala amenewa kwawo n'konkuno ku South Bend. Elmer Pond anayamba kuwapanga m'garaja mu 1946, mwana wake Cecil Pond n'kukulitsa bizinesiyo, ndipo fakitale inali mu Ireland Road, msewu womwe ine ndimadutsa pafupifupi tsiku lililonse osadziwa kanthu. Kampani ya Toro inaigula mu 1986, ndipo lero dzinalo silipezekanso pa makina atsopano. Pa nthawi yomwe Wheel Horse inkakula, makampani a mathirakitala akuluakulu a kumunda ankapanganso ang'onoang'ono otere: International Harvester inatulutsa Cub Cadet kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, John Deere n'kutulutsa 110 mu 1963. Ankawapangira munthu wa malo ochepa amene akufuna kutchetcha, kugalauza, kutipula ndi kukankha sinowo ndi makina amodzi.

Agogowo anandiuza mawu omwe ndimauza aliyense masiku ano: usayang'ane nambala ya pa boneti, gwada uyang'ane kumbuyo. Tinagwada tonse awiri pa simenti yozizira. Giyabokosi yake ndi ya chitsulo cholemera chija cha simbi yamakala, yodzaza magiya osambira mu oyilo. Ekiselo yake ndi yonenepa inchi imodzi kapena kuposerapo, pamene ya yanga ija inali ya magawo atatu mwa anayi a inchi. Mawilo akumbuyo ndi a marimu a mainchi 12, omangidwa ndi mabawuti asanu ngati a galimoto, pamene a yotchetchera chabe amakhala a mainchi 8, ongolowetsa pa ekiselo n'kutsekera ndi kachitsulo. Kusiyana kwa thirakitala ya dimba ndi ya kapinga kwagona pamenepo. Za dimba zatsopano ziliko ndithu, zolimba bwino, koma mtengo wake ndi wina, ndipo sizimene amandandalitsa pakhomo la sitolo zija.

Patatha miyezi iwiri ndinapeza yanga pa Facebook, kwa mayi wina wamasiye wa kufupi ndi Elkhart: Wheel Horse C-120 ya mu 1975, injini ya Kohler K301 ya hosipawa 12, silinda imodzi. Inabwera ndi mbale yake yotchetchera (chitsulo cha pansi chomwe mumazungulira mipeni), chitsulo chokankhira sinowo, matcheni a matayala ndi zitsulo zolemera zomangira m'mawilo, zonse pa madola 650. Agogo aja anapita nane. Anakana kuti mayiwo ailize ife tisanafike, ndipo titafika anayamba agwira injini ndi dzanja kuti atsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotentha imabisa zambiri. Italira anaima kumbuyo kuyang'ana utsi. Kautsi ka pang'ono poyambirira sikanawadetse nkhawa, chomwe ankaopa ndi utsi wabuluu wosalekeza, komanso kugogoda kwa pansi pa injini. Anagwedeza mawilo onse ndi manja, analowetsa giya iliyonse, anayang'ana ngati chitsulo cha pomwe giyabokosi imamangidwira sichinang'ambike, anabaya mbale yotchetchera ndi sikuludiraiva kufuna dzimbiri lobowola. Anandichenjezanso kuti injini zimenezi zili ndi kachida kochepetsa mpweya mu silinda poliza kuti sitata isavutike, choncho munthu akayeza kompuresheni mwachizolowezi amapeza nambala yotsika n'kuganiza kuti injini yatha pamene ili bwino.

Pokweza pa ngolo ya galimoto m'pamene ndinamva kulemera kwake. Yatsopano ija ndinkatha kuinyamula kumbuyo ndekha n'kuisuntha. Iyi tinalimbana nayo amuna awiri, thukuta kamukamu, ndi mwezi wa Novembala.

Musaganize kuti inangofika n'kuyamba ntchito. Loweruka loyamba ndinamasula bawuti ya pansi pa giyabokosi, ndipo chomwe chinatuluka sichinkaoneka ngati oyilo. Chinali choyera motuwa, ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Madzi a mvula ankalowera pa kamphira kong'ambika ka patsinde pa ndodo ya magiya, chaka ndi chaka. Ndinatsuka mkatimo ndi dizilo kawiri, ndinathira oyilo wa magiya wa 80W-90, n'kugula kamphira katsopano ka madola ochepa. Magiyawo anapirira zonsezo osawonongeka. Kabureta inali itamatirira utomoni wachikasu, wonunkha ngati vanishi. Petulo wa kuno nthawi zambiri amakhala ndi ethanol wokwana 10 pa 100 aliwonse, monga momwe wa kwathu amasakanizira ndi wa nzimbe wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi n'kudya mapaipi akale a mphira. Ndinaimasula pa nyuzipepala patebulo la m'garaja, tizitsulo tonse nditatiika m'thireyi ya mazira kuti tisasokonekere, ndipo ndinadabwa kuchepa kwake. Mapoyinti, tizitsulo tiwiri togundana tomwe timachititsa pulagi kuthetheka, ndinawapala n'kuwaika pa mpata wa 0.020 wa inchi. Tsiku lomwe inalira bwinobwino nditaikonza, mwana wanga wamkulu anathamanga kuchokera m'nyumba atangovala masokosi.

Apa m'pamene pali phindu lalikulu la makina akalewa, kwa munthu amene saopa kuda m'manja. Chilichonse chimaoneka ndi maso. Injini ili poyera, lamba mmodzi wa kumbali akuchoka pa injini kupita ku giyabokosi, ukaponda kilatchi lambayo amakhwepa, ukasiya amakungika. Masipanala ochepa a mainchi amakwanira, osati a mamilimita omwe tinazolowera pa magalimoto a ku Japan, ndiye konzekerani kugula ena. Zida za injini ya Kohler zikupezekabe mosavuta, mapisitoni, maring'i, magasiketi, ndipo silinda ikatha amaibowola n'kuikamo pisitoni yokulirapo. Zomwe zimavuta ndi za thupi la thirakitala, monga mbale yotchetchera yopanda dzimbiri. Zimenezo umasaka kwa anthu ophwasula zakale. Injiniyi ilibe sefa ya oyilo kapena pampu, oyilo amawazidwa ndi kachitsulo ka pansi pa ndodo ya pisitoni, choncho ndimasintha oyilo pa maola 25 aliwonse ndipo sindiiliza ndisanasolole kandodo koyezera. Simuyeneranso kuiyendetsa chopingasa pa malo otsetsereka kwambiri, chifukwa oyilo amathawira mbali imodzi.

Tsiku logalauza silidzandichoka m'mutu. Kunali kumapeto kwa Epulo, nthaka itauma pang'ono. Ndinali nditaimba kale 811, nambala yomwe kuno umayenera kuimba usanakumbe kuti abwere kudzaika timbendera pomwe padutsa mapaipi a gasi ndi mawaya a pansi. Musadumphe zimenezo, n'zaulere. Ndinamangirira pulawo ya mainchi 10, ndinaika ndodo yaing'ono pa magiya otsika, yaikulu pa giya yachiwiri, n'kusiya kilatchi pang'onopang'ono. Pulawo italowa, mawu a injini anatsika n'kukhala olemera, koma sanadukize. Nthaka yakuda inayamba kupindika ngati chikopa, nyongolotsi zili yakaliyakali, mbalame zikutsatira m'mbuyo. Fungo lake linandikumbutsa m'mawa wina ku Mchinji, ndili mnyamata, ndikutsogolera ng'ombe za amalume. Hosipawa 12 inachita mosavuta chomwe 19 inafera. Chinsinsi chake ndi magiya otsika, kulemera kwa thirakitala komwe kumapangitsa matayala kuluma, ndi fulayiwilo, gudumu lolemera lozungulira ndi injini, yomwe imakankha injini ikakumana ndi muzu. Chimanga ndinabzala pakati pa Meyi, chisanu choononga mbewu chitapita, ndipo chaka chimenecho anzathu a kutchalitchi ankabwera ndi majumbo kudzathyola nkhwani.

Tsopano mbali yomwe okonda makina akale sakonda kuikamba. Madzulo ena ndikutchetcha ndi nkhalambayi, ndinaona mpira wa ana mu udzu. Ndinaika fili, ndinatsika, ndinakautola. Pobwerera m'pamene ndinazindikira kuti mipeni ikuzungulirabe, ndipo phazi langa linali litatsala pang'ono kulowa kunsi kwa mbale. Thupi linali litazolowera yatsopano ija, yomwe ukangodzuka pampando injini imazima yokha. Iyi sizima. Sabata yomweyo, ndikubwerera m'mbuyo mipeni ili mkati, ndinacheuka n'kupeza mwana wanga wamng'ono, wa zaka zinayi, ataima pafupi ndi tayala, akundiitana koma phokoso likumeza mawu ake. Ndinazimitsa n'kukhala pansi pa udzu, manja akunjenjemera. Yatsopano ili ndi switchi yoletsa mipeni pobwerera m'mbuyo pokhapokha iwe mwini utalola. Ndinkaiona ngati chosokoneza, ndipo ndikudziwa anthu amene amaidula. Chonde musadule. Usiku umenewo mayi a kunyumba analankhula mawu ochepa. "Bambo, galimoto yanu yofiirayo muzilimira. Pa kapinga pomwe pamasewera ana ndisaioneponso."

Sindinatsutse. Kunena zoona, ngakhale pa kutchetcha kwenikweniko yakaleyi imagonja. Imakhota motalikira, ndiye pozungulira mitengo umabwererabwerera, ndipo giya sungasinthe ikuyenda, umayenera kuima kaye. Chiwongolero n'cholimba, mpando umagwedeza msana, phokoso limafuna zotseka m'makutu. Yatsopano imatchetcha mosalala, mofulumira, ndipo aliyense wamkulu pakhomo angathe kuiyendetsa. Ndinagula bokosi lina la kumbuyo logwiritsidwapo kale ntchito, ndinaliika pa yatsopano ija, ndinachotsa chitsulo chowotcherera chija n'kuchitaya. Kuyambira pamenepo ntchito yake ndi kapinga basi, ndipo ndimaonetsetsa kuti kafani kaja ndi zipsepse za bokosilo zisadzaze udzu wouma, chifukwa zikatsekeka kutentha kumabwerera. Siinadwalenso. Lamulo la pakhomo pathu n'lakuti makina aliwonse akalira ana akhale m'nyumba, ndipo palibe kunyamula mwana pamwendo ngakhale alire bwanji.

Achimwene ena a kuno, amene angogula kumene nyumba ya malo ochepa, athyathyathya, anandifunsa ngati nawonso asake yakale. Ndinawafunsa ngati akufuna kulima, anati ayi. Ndinawafunsa ngati ali ndi Loweruka lothera m'garaja, anaseka, poti amagwira mashifiti awiri. Ndinawauza kuti agule yatsopano yotchetchera, asinthe oyilo pa nthawi yake, anole mipeni kamodzi pa chaka, asaikoketse chilichonse cholemera. Yakale kwa munthu wotero ingasanduke chitsulo chongodzaza garaja, kalata ya udzu ikubwera. Ena anandifunsa zoti atumize yotere kumudzi mu kontena. Maganizo anga ndi akuti pa dimba la nthaka yofewa ingathandize, koma pa munda waukulu wouma wa mwezi wa Okutobala ndi yochepa, imamwa petulo osati dizilo, ndipo kamphira kamodzi kakatha muzidikira wina wobwera ndi ndege. Ndalama yomweyo ndingaiike pa makina omwe amakaniko a kumeneko amawadziwa kale.

Koma amene muli ndi malo, mukufuna chimanga chanu chokazinga ndi ndiwo zanu zamasamba, ndipo khomo lanu limatsekeka ndi sinowo, sakani ya dimba yeniyeni, kaya Wheel Horse, Cub Cadet ya nthawi ya International Harvester, kapena John Deere ya zaka zomwezo. Sankhani yomwe ikubwera ndi zida zake, chifukwa kugula pulawo, matcheni ndi chokankhira sinowo pachokhapachokha kumadya ndalama kuposa thirakitalayo. Pitani ndi munthu wodziwa, ndipo pa mtengo womwe mwagwirizana wonjezeranipo madola mazana awiri kapena atatu a batire, mapaipi, malamba ndi oyilo, chifukwa mudzawafuna mwezi woyamba womwewo.

Agogo aja anamwalira chaka chatha. Ana awo anandipatsa bokosi la zida zawo zotsala, muli mapoyinti awiri osatsegula, gasiketi ya pamutu pa injini, ndi kabuku komwe ankalembamo ndi pensulo tsiku lililonse losintha oyilo. Yanga yayamba kutulutsa kautsi ikamakwera kamtunda ndi ngolo ya manyowa, ndipo ndikuganiza kuti ndi maring'i. Ndaichotsa kale pulawo, ndamanga matcheni ndi chokankhira, ipirire dzinja lino. Sinowo akasungunuka mu Malichi ndidzaitsitsa injini, ndipo mwana wanga wamkulu wanena kuti masipanala adzagwira ndi iyeyo.